Ma likes siyagula unga: phunzilani kuwelenga manambala ya page yanu

Imilani pa station ya mabasi mu Kafue m'mawa, olo pa msika wa ku Estates masana, muyang'ane mitu ya anyamata na atsikana. Yonse yawelama pa foni. Uyu aika chithunzi cha nsapato za salaula, uyu aika ka video ka nyimbo yake yatsopano, uja ni mayi wa salon aonetsa mutu wamene analuka dzulo. Akamaliza kuika, chala chiyamba nchito yokoka screen pansi, kukoka, kukokanso, kuona ngati ma likes yakwela. Yakafika 200, mtima pansi. Yakaima pa 11, tsiku lonse laonongeka, ndipo mlandu upita kwa ma haters, kwa network, olo kwa ba neba amene amuyang'ana na diso loipa.

Manje imwe amene muli na page ya bizinesi, ya nyimbo olo ya nthabwala, nikufunseni: ni liti pamene munatsegula malo yamene foni yanu isungila manambala ya page? Sinikamba ma likes yamene aliyense aona. Nikamba za kumbuyo, kwamene kuoneka anthu angati anaona post, ali kuti, anaona nthawi yanji, ndipo anathawila pati. Pa Facebook mupeza mu Professional Dashboard olo Insights, pa TikTok pali Analytics, pa YouTube ni mu YouTube Studio. Zonse izi ni zaulele, mulipila bundle chabe, ija yomweyo yamene musiliza pa kukoka screen.

Ndalama yanga inapita so

Niyambe na manyazi yanga, kaili siniona bwino kuphunzitsa anthu ngati kuti ine ninabadwa wochenjela. Nitangomaliza diploma ninatsegula page ya nkhani za oimba. Miyezi inapita, onitsatila anali ochepa, ambili a iwo anzanga a ku sukulu na abululu. Mnyamata wina ananilembela mu inbox ati angathe kunipezela ma followers masauzande mu masiku yawili. Ninatuma K150 pa mobile money. Zoona, nambala inalumpha. Ninajambula screen, kuika pa status, anthu kuniyamikila.

Patapita masabata yawili ninaona chodabwitsa. Page yakula, koma ma comments yachepa kuposa kale. Pamene ninatsegula Insights koyamba m'moyo wanga, pa mndandanda wa mizinda pamwamba panali maina yamene sininathe ngakhale kuyachula, mizinda ya kutali kwamene kulibe munthu adziwa Chinyanja. Kafue inali pansi kwenikweni. Ninagula anthu amene kulibe.

Apa pali chinthu chamene ambili sadziwa. Facebook siionetsa post yanu kwa onse amene akutsatilani. Isankha, ndipo iyang'ana ngati anthu amene aona aima, awelenga, alemba comment olo atumila anzao. Ngati ma followers yanu ni zipukupuku zamene sizichita kanthu, post ioneka monga yosakoma, ndipo olo anthu enieni a ku Shikoswe na Zambia Compound amene anakutsatilani na mtima onse saiona. Ninalipila K150 kuti nibisike kwa anthu anga. Mnyamata uja nambala yake inaleka kupita.

Likes, reach na inbox si chinthu chimodzi

Nambala yoyamba kuidziwa ni reach, kutanthauza anthu angati osiyana amene post inafika pa maso pao. Views ni kangati inaonedwa, ndipo munthu mmodzi angaone katatu. Ma likes, ma comments na ma shares ni zamene anthu anachita ataona. Koma kwa munthu wa bizinesi pali nambala ina yoposa zonse, ndipo nthawi zina muyenela kuiwelenga mweka: angati analemba mu inbox, angati anatuma foni, angati anabwela na ndalama.

Tinene kuti muli na salon ku Shikoswe. Pa Mande mwaika selfie, mwavala mushe, dzuwa lakumenyani bwino pa nkhope. Ma likes 300, ma comments yodzala na mitima na moto. Inbox zii. Pa Chitatu mwaika mutu wa kasitoma, mwalemba mtengo, nthawi yamene zitenga kuluka, na malo yamene salon ili. Ma likes 40 chabe, koma anthu 6 afunsa mu inbox ndipo awili abwela pa Chiwelu. Munthu wokoka screen azakamba kuti selfie ndiye yapambana, ndipo azapitiliza kuika ma selfie mpaka landlord agogode. Munthu wowelenga manambala aona kuti post ya ma likes 40 ndiye yalipila lendi.

Sinikuletsani selfie. Anthu akonda kudziwa nkhope ya munthu wamene azamupatsa mutu wao. Koma dziwani nchito ya post iliyonse musanaiweluze.

Anthu anu ali kuti?

Pitani pa gawo la audience muone mizinda. Apa ise a Kafue tiyenela kuwelenga na nzelu. Tili pafupifupi makilomita 45 kuchoka ku Lusaka, anthu ambili agona kuno koma nchito agwila ku tauni, ndipo ena pa profile analemba Lusaka chifukwa ati imveka bwino. So mukaona Lusaka ili pamwamba, musachite mantha, mkati mwake muli anthu a pa komboni panu. Ndipo ngati mugulitsa nsomba za ku Chanyanya, Lusaka pamwamba ni uthenga wabwino, chifukwa kumeneko ndiye kuli anthu amene angalipile bream na transport yake osadandaula.

Vuto ni pamene salon ili ku Nangongwe koma pamwamba pali Kitwe, Ndola na Johannesburg. Kulibe munthu azakwela basi kuchoka ku Kopala kubwela kuzaluka tsitsi kuno. Manambala yaconco yakuuzani kuti zamene muika zisangalatsa anthu akutali koma sizikamba na munthu wamene angayende pansi kufika pa khomo panu. Yambani kuchula malo mu post, lembani Kafue, lembani dzina la komboni, ikani mu magulu ya Facebook ya anthu a kuno, onetsani msewu wofikila pa shopu.

Kwa oimba nkhani itembenuka. Ngati nyimbo yanu ili pa Audiomack, Boomplay olo Spotify, imene inafika mu Zambia mu 2021, kuli mbali ya oimba yoonetsa kwamene omvela ali. Mukaona Mazabuka olo Chipata ikwela mwezi na mwezi, osakakamila kupanga show pa bala yomweyo ya pa komboni pamene anthu akudziwani kuchokela muli mwana ndipo afuna kulowa mahala. Tumani foni kwa ba DJ na eni malo a kumene nyimbo ilila, muwaonetse screen. Promoter amvela nambala kuposa kudzitama.

Nthawi

Pali anthu pa intaneti amene aphunzitsa kuti nthawi yabwino yoika post ni yakuti-yakuti. Iwo akamba za London na New York. Kafue ili na wochi yake. Kuli amene akwela minibasi ya ku Lusaka kukali mdima ndipo foni aigwila mu msewu. Kuli a ma shift ku Nitrogen Chemicals na ku Kafue Steel, amene masana yao ni usiku wa ena. Kuli ana a sukulu amene foni aigwila madzulo akabweleka kwa amayi. Kuli a bundle ya usiku. Ndipo tonse tikumbuka 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti yanali kuyenda maola ambili pa tsiku: anthu anali kutsegula data pamene foni yapeza moto, osati pamene akatswili anena.

Page yanu ionetsa maola na masiku yamene okutsatilani apezeka maningi. Ikani post patsogolo pang'ono pa nthawi imeneyo, osati pamene imwe mwapeza mpata. Ndipo kumbukilani kalendala ya thumba. Sabata ya malipilo siilingana na pakati pa mwezi. January, pamene ndalama yonse ipita ku mayunifomu na mabuku, siilingana na December. Wogulitsa nsomba adziwa kuti kuyambila pa 1 December mpaka kumapeto kwa February boma itseka kugwila nsomba, so manambala ya miyezi imeneyo osayayelekeza na ya June n'kuyamba kulila kuti page yafa.

Pamene anthu athawila

Apa ndiye nifuna tikhalepo, chifukwa apa ndiye anyamata ambili a nyimbo na ma comedy ataya ndalama ya studio na ya cameraman.

Mu YouTube Studio, pa video iliyonse pali mzele wamene uyamba pamwamba n'kumatsika. Uonetsa anthu angati akali kuonelela pa sekondi iliyonse. TikTok nayo ikuuzani nthawi imene anthu akhala pa video na angati anafika kumapeto. Uyu mzele ni kasitoma wosanama. Mnzanu azakuuzani ati video ni moto, boyi. Mzele uzakuonetsani kuti pa sekondi ya 8 theka la anthu linachoka.

Manje bwelelani ku video muone chili pa sekondi ya 8. Kambili muzapeza logo izungulila, dzina la studio, dzina la director, moni kwa ba producer, moni kwa ba sponsor, drone ionetsa bridge ya Kafue kuchokela kumwamba, ndipo nyimbo ikalibe kuyamba. Imwe muona monga ni filimu. Woonelela aona ma MB yake yapita. Musaiwale kuti munthu wa pa komboni alipila sekondi iliyonse na bundle yamene wagula na ndalama ya ndiwo. Sangayembekeze kuti mumalize kupatsa moni banja lonse.

Wa comedy naye chimodzimodzi: masekondi 20 ya "muli bwanji ba Zambia, ni mnyamata wanu uja, musaiwale ku subscriber" nthabwala ikalibe kuoneka. Yambani na pakati pa nkhani, pamene ba landlord agogoda kale pa chitseko. Moni muzapeleka kumapeto kwa amene atsala.

Yang'ananinso pamene mzele ukwela pang'ono m'malo motsika. Pamenepo ni pamene anthu abweza kuti aonenso. Ngati ni chorus, ndiye ka gawo koyenela kudula n'kuika pa TikTok na pa status. Ngati ni ka dance ka mwana wa ba neba kamene kanalowa mwangozi, mwapeza chamene anthu afuna, olo kuti si chamene munalipilila.

Chenjelani na nambala ya views. Pa Facebook pali nambala ya anthu amene anaona masekondi 3 chabe, ndipo munthu wopitilila na chala angalowe mu nambala imeneyo. Spotify iwelenga kuti nyimbo yamvedwa ikalila masekondi 30. So 5,000 ya uku na 5,000 ya uko si ndalama imodzi. Nambala yaikulu ikometsa screenshot, koma funsani kuti anakhala nthawi yaitali bwanji.

Pali nambala inanso pa YouTube, ya anthu amene anaona chithunzi na mutu wa video n'kudinapo. Ngati YouTube yaonetsa chithunzi chanu ka 1,000 ndipo odina ni 20, ndiye kuti awili chabe pa 100 alionse. Apa vuto siili mu video, kaili anthu sanalowe n'komwe. Vuto ili pa chitseko: chithunzi chakuda, nkhope siioneka, mutu wolembedwa "Official Video final 2". Chinjani chithunzi, lembani mutu wamene munthu angamve, muyembekeze sabata muone. Koma ngati odina ni ambili ndipo athawa mu masekondi yoyamba, chitseko chili mushe, m'nyumba ndiye mulibe mipando. Matenda yawili, mankhwala yosiyana, ndipo wosawelenga manambala amwa yolakwika.

Pomwepo pali na gawo loonetsa kwamene oonelela achokela. Ambili a ise tikatsegula tipeza kuti WhatsApp ndiye ibweletsa anthu. Ngati ni conco, lekani kunyoza magulu ya WhatsApp ya ku chechi, ya ku sukulu na ya pa komboni. Ndiye minibasi yanu.

WhatsApp yomweyo ili na manambala yake, olo kuti ni yochepa. Ka diso pansi pa status kakuuzani amene aona, kupatula aja anazima ma blue tick. Status ikhala maola 24. Yesani kuona nambala ya status yoyamba na ya khumi pa tsiku limodzi. Ngati muika zithunzi 25 za mabelo ya salaula motsatizana, ambili aona zitatu n'kulumpha. Ikani zisanu zabwino, mtengo pa chithunzi pomwepo.

Nkhani za kuno

Ine maganizo yanga ni yakuti ma page ya Kafue yataya nthawi kukopela nkhani za Yo Maps na Chef 187 zamene ma page yakulu monga Mwebantu yaika kale maola yatatu kumbuyo. Pa nkhani izo simungapambane. Koma ni ndani aika zigoli za pa Khosa Stadium mpila ukangosila? Ni ndani ajambula anyamata a Kafue Celtic, timu imene Patson Daka anapitilamo asanapite ku Salzburg na ku Leicester City? Ni ndani auza anthu mtengo wa nsomba ku Chanyanya m'mawa uno? Yang'anani ma shares pa page yanu. Munthu atumila mnzake chinthu chamene chimukhudza, ndipo share ndiye ibweletsa anthu atsopano amene simuwadziwa.

Amene muli na lodge m'mbali mwa mtsinje, garage olo malo yodyela pa msewu waukulu wopita ku Chirundu na Livingstone, lembetsani malo yanu pa Google Maps kupyolela mu Google Business Profile. Ni mahala, ndipo ikuonetsani angati anatuma foni, angati anafunsa njila, na mawu yamene analemba pofunafuna. Woyendetsa galimoto wochokela ku Lusaka sadziwa page yanu ya Facebook, alemba chabe chamene afuna na dzina la tauni. Amene muli na website, Google Analytics na Search Console zichita nchito imodzimodzi: masamba yamene anthu atsegula, kwamene achokela, na pamene atulukila. Mukaona ambili alowa na foni n'kuthawa pa tsamba loyamba, yesani kulitsegula imwe na bundle yanu muone ngati zithunzi sizilema.

Manambala nayo yanama

Nikuchenjezeni. Mukayamba kuwelenga manambala, tsiku lina yazakuuzani chinthu choipa: ngozi ya pa msewu, ndeu ya pa bala, mkazi wa munthu wagwidwa, izi ndiye zikwela kuposa zonse. Msewu wathu uyu uona ngozi, ndipo pali ma page yamene yathamangila kujambula anthu ovulala achibale akalibe kumva. Reach ikwela, zoona. Koma anthu obwela kuzaona magazi sagula wigi, sabwela ku show, ndipo kampani ya nzelu siika dzina lake pafupi na zaconco. Kafue ni yaing'ono, wamene mwajambula ni mwana wa munthu wamene muzakumana naye pa chigayo. Ndiponso malamulo ya pa intaneti yalipo, ya 2025 yamene yanalowa m'malo mwa lija la 2021, ndipo kunyoza olo kuvutitsa munthu pa foni kungakufikitseni ku polisi.

Za boost nazo, osathamanga. Kulipila Facebook kuti ikankhe post yamene anthu anu akana ni kuthila mafuta mu galimoto ilibe mawilo. Sankhani post yamene yachita kale bwino yokha, ikani malo kuti ni Kafue na pafupi, yambani na ndalama yochepa, ndipo muwelenge ma inbox, osati ma likes.

Buku ya K10

Ine chamene chinanithandiza si app iliyonse. Ni ka exercise book ka mu kantemba. Pa Sondo madzulo nikhala mphindi 20, nilemba post iliyonse ya sabata: tsiku, nthawi, inali ya chani, reach, ma shares, na angati ananilembela. Foni isunga manambala, koma kulemba na dzanja kupangitsa maso kuona zamene zibwelezabweleza.

Lamulo langa ni kuchinja chinthu chimodzi pa nthawi. Ngati sabata ino mwachinja nthawi, chithunzi, chilankhulo na utali wa video zonse pamodzi, ndipo manambala yakwela, simuzadziwa chamene chagwila nchito. Yesani nthawi yokha masabata yawili. Kenako yesani kulemba mu Chinyanja m'malo mwa Chizungu, olo kusakaniza na Chitonga pakuti tili pa khomo la Southern. Post imodzi ikaphulika osasintha moyo wonse chifukwa cha iyo, mwina inangokumana na tsiku labwino. Yembekezani muone ngati yachiwili na yachitatu za mtundu umenewo zichita chimodzimodzi. Ndipo kasitoma aliyense watsopano mufunseni kuti anakudziwilani kuti. Yankho lake lembani mu buku, chifukwa wamene anaona status pa foni ya mlongo wake palibe Insights izamuonetsa.

Zipukupuku zanga zija ninazichotsa pang'onopang'ono, zina zinazimilila zokha, ndipo nambala ya ma followers inatsika mpaka anzanga kunifunsa ngati page yadwala. Mwezi watha buku inanionetsa chinthu chamene sininafune kuona. Nkhani zanga za oimba otchuka, zamene nilemba mpaka usiku, zili pansi. Pamwamba pali ka video ka masekondi 40 ka kwaya ya achinyamata iyeseza nyimbo kuseli kwa chechi, kamene ninajambula nili paulendo wokagula tomato. Ma shares yake yaposa ya mwezi wonse, ndipo amayi atatu analemba kufunsa ngati kwaya iimba pa ma kitchen party. Pa Chiwelu nibwelelako na foni yodzala moto, ndipo ulendo uno nizayamba kujambula pamene nyimbo yayamba kale.